Pepala la M'thumba la Sajeni

Sajeni anatsegula sutikesi yachitsulo pamaso pa mayi wamasiye n'kuwerenga katundu wa malemu mwamuna wake, dalaivala wa gulu la asilikali la Sajeniyo, monga lamulo limanenera: malaya awiri, lumo, wailesi yothyoka mlongoti, ndi kabulangete ka mwana kakadali m'pulasitiki.

"Sainani apa, mayi."

Mayiyo sanalandire cholembera. Anangokhala pabenchi, khanda la masabata atatu lili pachifuwa.

"Ndinu a Sajeni aja eti? Amuna anga ankakutchulani pafoni. Ankati amene akukaniza tchuthi ndi a Kaputeni, koma inu mukuwamenyera nkhondo kuti adzaone mwanayu."

Dzanja la Sajeni linapita lokha pathumba la malaya. Pepala la tchuthi linali momwemo, lopindidwa kanayi, lofewa ndi thukuta. Kaputeni analisaina Lolemba, chidindo n'kumenya. Koma madalaivala anali operewera, ndipo Sajeni anangoti chamumtima, ayambe wapita ulendo wa Lachinayiwu, ndidzamupatsa akabwerako.

Lachinayilo, galimoto yotsogola, yomwe dalaivalayo ankayendetsa, inaponda bomba lokwirira.

"Mulungu akudalitseni, bambo," anatero mayiyo akuimirira. "Tamunyamulaniko inu, poti bambo ake sanathe."

Panja asilikali ankaguba, nsapato zikugunda pamodzi. Sajeni, munthu amene akakuwa kamodzi amuna zana amaima chilili, anaika cholembera pabenchi n'kutambasula manja. Analandira mwanayo.

Kadzanja ka khandalo kanafufuza pachifuwa pake, kanagwira thumba lija, osalisiya.