Malemu Dorin M'kalilole

Ruxandra anaimitsa filimu. M'kalilole wa kumbuyo kwa mtsikana wosewera mufilimumo munkaoneka malemu Dorin, mkulu amene ankajambulitsa filimuyo, ndudu ili kukamwa, dzanja lili m'mwamba ngati akukalipira wina. Gawo lomalizali analijambula kamodzi kokha, mtima wake n'kuima asanalibwereze.

"Mufufute, Ruxi," anatero Traian, mwini kampani. "Akanakhala moyo akanakutukwana mpaka agogo ako."

"Akanayamba ndi iwe," Ruxandra anayankha osacheuka. Iye ndiye ankalumikiza zidutswa za mafilimu onse a Dorin, ndipo mwa onsewo ndi pano pokha pamene bamboyo anaonekera.

Mayi Floarea, mkazi wa malemuyo, anadzuka pampando wakumbuyo. Anavula mpango wawo wakuda n'kuphimba nawo kompyuta, monga anaphimbira akalilole onse kunyumba tsiku la maliro kuti mzimu usakodwemo.

"Mutulutse m'menemo, mwanangu. Munthuyo apite."

"Ndimutulutsa bwanji ndisakumuona, mayi?"

Mayiwo anatukula ngodya ya mpangowo ndi zala ziwiri. Panaoneka khutu, tsaya, ndi kolala yopindika ya shati imene anaisita okha m'mawa wa tsiku lojambulalo.

Ruxandra anaika chala pa batani lofufutira n'kudikira. Traian anayang'ana wotchi yake.

"Tabwezera kaye m'mbuyo," anatero mayi Floarea, mpango udakali m'dzanja. "Ayendeko pang'ono."