Kapu ya Khofi ndi Denga la Koleji

Dokotala Mifleh analandira kapu ya khofi ndi dzanja lamanja, n'kuiika pansi osalawako n'komwe. Akuluakulu amene anabwera nawo anachitanso chimodzimodzi. Munali m'chipinda cha alendo cha phungu Abu Nayef.

Kwathu kuno mlendo akaika khofi pansi ndiye kuti ali ndi pempho, ndipo samwa mpaka mwini nyumba atavomera. Khofi akazizira anthu akuona, manyazi ndi a mwini nyumba, ndipo nkhani imafika kumsika makapu asanatsukidwe.

Mifleh anali mkulu wa koleji ya boma ya m'tauni muno, munthu wasukulu kwambiri amene miyambo yotereyi ankaiona ngati yotayitsa nthawi. Koma denga la nyumba yophunziriramo sayansi linali litagwa ndi chipale chofewa, moti ophunzira unamwino ankaphunzirira pakhonde atavala majekete. Unduna unali utachenjeza kale kuti denga likapanda kukonzedwa maphunzirowo atsekedwa, ana azipita kulikulu ku Amman, amene makolo awo angakwanitse. Bajeti inali yoti ikambidwe ku Nyumba ya Malamulo sabata yotsatira, ndipo dzina la koleji yathu munalibe. Amene akanatha kulilowetsamo anali Abu Nayef yekha, phungu wa dera lino, yemwe mawu ake m'komiti ya zachuma ankalemera kuposa thupi lake. Ndipo thupilo silinali lamasewera.

Nzeru ya khofiyi inachokera kwa Laith, mwana wa Mifleh, mphunzitsi wa sayansi pakoleji pomwepo.

"Bambo, ku unduna mwapondako mpaka nsapato zatha," anatero mnyamatayo. "Tengani amalume ndi akuluakulu, tipite kwa Abu Nayef ngati anthu. Uthenga woti tikubwera ndikapereka ndine."

Mifleh anakhudzidwa mtima. Laith, woiwala ngakhale pomwe waimika galimoto, lero akudera nkhawa koleji chonchi! Tsopano anali atakhala kumapeto kwa mzere, m'suti yatsopano, atameta bwino, mafuta onunkhira akumveka mpaka pakhomo. Ulemu kwa phungu ndi umenewu.

Abu Nayef anayang'ana makapu ali pansiwo, n'kusisita ndevu zake zapamlomo. Mifleh anakhosomola pang'ono, n'kuyamba mawu amene anawaloweza kwa sabata yathunthu.

"Abu Nayef, tabwera pakhomo panu ndi nkhani imene yatisowetsa tulo..."

"Basi, basi, Dokotala!" phunguyo anakweza dzanja. "Mukayamba kulankhula inu, khofiyu auma m'kapu. Ndimakudziwani. Mwana wanga anaphunzira kwanu, ankabwera kuno makutu akulira. Nkhani yanu ndaimva kale. Tauni yonse ikuidziwa, ngakhale ometa tsitsi."

Mifleh anagwedeza mutu modzichepetsa. Kodi denga lija mbiri yake yafika mpaka kwa ometa tsitsi?

"Ndisakunamizeni, poyamba ndinkafuna kukana," anapitiriza Abu Nayef. "Anabwera a ku Irbid ndi magalimoto onyezimira, ndinawabweza. Anabwera a ku Amman, mawu okoma ngati uchi, khofi wawo anazizira pomwepo mwakhalapo."

Apa Mifleh anachita kudziletsa kuti asaseke. Ankawadziwa bwino akuluakulu a mayunivesite akumpotowo, adyera amene chaka chilichonse amakokolola bajeti yonse n'kusiyira akumwera nyenyeswa. Lero akumana nazo.

"Koma m'nyumba muno sindikupuma," anadandaula phunguyo, akuloza khoma la kuchipinda cha amayi. "Akazi anga, mayi a Nayef, m'mawa nkhani ndi yomweyi, madzulo yomweyi. Munthu ungalimbane ndi nduna, koma osati ndi amene amakuphikira."

Akuluakulu anaseka. Mifleh mumtima anadalitsa amayi onse okonda maphunziro.

Kenako Abu Nayef anadziwongola, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Imwani khofi wanu. Chimene mwadzera ndakupatsani."

Mifleh anatola kapu, n'kugugudiza kamodzi. Khofiyo anali atazizira, wowawa ngati mankhwala, koma chibadwire anali asanamwe chinthu chokoma chotero. Anaona denga latsopano likunyezimira. Anaona atsikana a m'midzi ya kumapiri akumaliza unamwino kwawo konkuno, osakagona m'zipinda za lendi ku Amman. Misozi inalengeza, ndipo sanachite nayo manyazi. Anadziimba mlandu ponyoza miyambo ya makolo zaka zonsezi: zimene zinakanika m'maofesi zatheka ndi kakapu kosadzaza n'komwe.

Akuluakulu anakweza manja kuti apemphere. Mifleh anaona ngati zanyanyako pang'ono pa nkhani ya denga, komabe anakweza ake. Pemphero litangotha, kuseri kwa khoma kunaphulika nthungululu, ndipo anyamata analowa ndi mathireyi a keke ya kunafa yotentha, madzi a shuga akuchucha. Abu Nayef anamukumbatira Mifleh mpaka nthiti kulira, n'kumupsompsona tsaya ili ndi ilo.

"Ukwati wa ana athuwa tichite tikakolola azitona," anatero. "Mwana wanga Shahd ndi chisanu sagwirizana."

Mifleh anatembenuka kuyang'ana Laith. Mnyamatayo anali atatanganidwa kwambiri kuyang'anitsitsa maluwa a pakapeti.

"Koma chinthu chimodzi, asewere," phunguyo anamunong'oneza. "Za koleji yanu musanditchulirenso. Ndinakonza zokaimenyera nkhondo Lachiwiri likubwerali, koma tsopano ndinu abale anga. Nditsegule pakamwa, manyuzipepala andidye wamoyo?"