Batani Limodzi

Mtsikana wina atangosintha mtundu wa batani pa kachidutswa kamodzi, masamba onse a webusaiti adasinthira limodzi. Linali tsiku lake loyamba kuphunzira kumanga masamba ndi tizidutswa totere, timene timagwira ntchito pa masamba ambiri nthawi imodzi.

Bwana, ali chiimire kumbuyo kwake, adasiya kutafuna chingamu.

"Ntchito imeneyi amagwira ndani?"

Mtsikanayo adaponya maso pakona. Pamenepo, alamu ake, omwe adamupezera ntchitoyi, anali kalikiliki kukonza mabatani tsamba ndi tsamba, kapu ya tiyi ili pambali, chithunzi cha ana awo chitatsamira kompyuta.

"Tachitaninso ndione," adatero bwana.

Mtsikanayo adachitanso. Bwana sadayang'aneko n'komwe. Maso awo anali pakona paja.

"Alamu anuwo akamaliza tiyi, muwauze andipeze mu ofesi mwanga," adatero motsitsa mawu. "Atseke chitseko polowa."