Tsabola Amene Adalanda Bakha Nyimbo

Padangotero, masiku aja mvula inkabwera pa nthawi yake, Bakha ndiye ankayambitsa nyimbo m'maukwati. Chaka china kudabuka masewera oyenda khola ndi khola: kubwira chipande cha tsabola wosinja popanda madzi, anzako akuwomba m'manja.

"Alamu," adatero Tambala kwa Bakha, "ife tabwira kale. Inu ngakhale gaga mumachita kumezera madzi ngati khanda!"

Nkhuku zidaseka. Bakha, manyazi atamugwira, adabwira. Tsabola adamata kukhosi, wina adalowa m'mapapo. Adatsokomola mpaka kugwa, nagona mwezi wathunthu chifuwa chikulira.

Atachira, mwana wake wamkazi adamupempha nyimbo ya pa ukwati wake. Bakha adatsegula mlomo, koma kudatuluka mpweya wokha: haa, haa. Mpaka lero akuyesabe.