Batire la Gervazio ndi kapoto ka mwana

Panali bambo wina kwa Kaphuka ku Dedza, mlimi wa kachewere, dzina lake Gervazio. Inali nthawi ya chipani chimodzi, mafoni kulibe, munthu ankatchuka ndi wailesi yomwe wanyamula. Anandiuza nkhaniyi ndi munthu wa m'mudzi momwemo.

Gervazio anali ndi kawailesi kamene kanamutumikira zaka zambiri. Mwana wake wamng'ono, Jenifa, akangomva nyimbo ankagwira mwendo wa tebulo n'kumavina. Vuto la kawailesiko linali waya mmodzi basi. Koma bamboyu anali wamatama, moti atagulitsa kachewere kanayamba kumuchititsa manyazi.

Anapita nako pa boma kwa a Twaibu, okonza mawailesi.

"Aka sikanathe ayi," anatero a Twaibu. "Ndilumikize wayayu, kakutumikirani zaka zinanso."

"Kachikale aka? Ine ndikufuna ya makaseti, yomveka mpaka kudimba."

"Zimenezo zimadya mabatire koopsa, achimwene. Nanga akamatha muziwataya kuti?"

Gervazio anangoseka n'kukasiya kawailesiko pomwepo. Panja anakumana ndi mlendo wina akutsatsa chiwailesi chachikulu.

"Ndikupatsani ndi batire la galimoto lomwe," anatero mlendoyo. "Likadzatha musataye. Mudzaliswe, m'kati muli chitsulo chofewa, mtovu. Mukasungunula mumamatira mapoto obooka."

Gervazio anagula osafunsa n'dzina lomwe la munthuyo. Mudzi wonse unadziwa kuti kwabwera chinthu, ngakhale ofuna kupuma sankapuma. Koma batirelo linali lotha kale. Mvula isanagwe linafa, ndipo mlendo uja sanaonekenso.

Gervazio analiswa batirelo ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba. Madzi ake pomwe anatayikira udzu unapsa, mtengo wa mapichesi unayamba kuyoyoka masamba. Nkhuku zomwe zinkapalasa pamenepo zinafa. Mkazi wake, Bernadetta, anachita mantha.

"Bambo a Jenifa, chinthu chopha nkhuku mukufuna muike m'poto?"

"Ziwiya zanu zonse n'zobooka, ndikukuthandizani ndipo mukudandaula? Moto umapha poizoni aliyense."

Anasungunula mtovu uja n'kumata kapoto kakang'ono kophikira phala la mwana. Kanasiyadi kudontha, ndipo ananyadira kwambiri.

A Twaibu atamva anatuma uthenga kuti kapotoko katayidwe msanga. Gervazio anati ndi nsanje chabe, poti sanagule kwa iwo.

Jenifa anayamba kukana chakudya n'kumalira m'mimba. Kenako mwana woyenda kale uja anabwerera kukwawa. Gervazio analoza chala anansi ake, akuti amulodzera mwana chifukwa cha wailesi. Anayenda kwa asing'anga, mwanayo anamutemera mphini, koma phala lankaphikidwabe m'kapoto komwe kaja.

Tsiku lina m'mawa mwanayo anakomoka, maso atatembenuka. Anathamanga naye kuchipatala. Adokotala atamuyeza anafunsa kuti kunyumba amasewera pati, ndipo amadyera m'chiyani. Bernadetta anafotokoza zonse, za batire, za nkhuku, za kapoto. 

"Mwanayu mwakhala mukumudyetsa poizoni ndi sipuni," anatero adokotala. "Moyo tiupulumutsa, koma zina zomwe zawonongeka sizibwerera."

Jenifa anatuluka m'chipatala ali moyo. Patapita masiku, a Twaibu anatumiza kawailesi kaja atakakonza, kakulira bwinobwino ngati kale. Gervazio anakaika pa tebulo, anatsegula nyimbo, n'kuitana mwana wake.

"Jenifa, bwera udzavine, mama."

Mwanayo anangokhala pansi, malovu akutuluka, akuyang'ana khoma. Bambo ake anakweza mpaka pamapeto. Jenifa sanacheuke.

Akuti mpaka ukalamba wake Gervazio sanatsegulenso wailesi m'nyumba mwake. Zimandiwawa, chifukwa wolakwa anali wina, wolipira anali mwana.

Phunziro: Dzulo inali wailesi, lero ndi foni. Yanuyo ngati ikugwirabe ntchito, ikonzetseni, musathamangire kuitaya chifukwa anzanu agula yatsopano. Pogula ina, gulani kwa munthu amene mungakamupezenso mawa, ndipo funsani za batire lake. Foni yakufa kapena batire lotupa si choseweretsa cha ana, musaliswe, musaliwotche, musalitaye kudimba kapena pafupi ndi chitsime. Funsani okonza mafoni kopita nalo. Musangowerenga n'kukhala chete, tumizirani abale anu onse amene ali ndi ana pakhomo.