Ya Phiri Kapena ya Dambo

Mkuluyo anatembenuza mabokosi awiri a gemu mpaka Kinga, wogulitsa m'kasitoloko, anayamba kuwamvera chisoni mabokosiwo. Ankanyamula la Phiri n'kulibweza. Ankanyamula la Dambo n'kuliyandikiza kumaso ngati pepala la mankhwala. Panja chisanu chinali chitalusa, ndipo Kinga anali atayanika jekete yake pafupi ndi chotenthetsera.

Gemu yake ndi imodzimodzi, ndipo mu mzinda wa Radom mulibe mwana wosadziwa zimenezo. Umayendayenda n'kumagwira tizilombo. Koma tizilombo tina timapezeka mu ya Phiri mokha, tina mu ya Dambo mokha. Wofuna kukwanitsa tonse amayenera kupeza mnzake wogula inayo kuti asinthane. Anaipangawo anachenjera: amagulitsa chinthu chimodzi kawiri, ogula n'kumathokoza.

"Mdzukuluyo amakonda chiyani, agogo?" Kinga anafunsa. "Mbuzi yamoto ili mu ya Phiri. Chule wamapiko ali mu ya Dambo."

"Si ya mdzukulu. Mdzukulu wangondibwereka kamakina kake kosewerera." Mkuluyo anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Dzina langa ndine Zenon. Sabata yatha munabwera mayi ena muno, ovala chipewa chobiriwira choluka pamanja. Aafupi, oyenda ngati akuchedwa basi. Anagula iti?"

Kinga anawakumbukira nthawi yomweyo. Gogo wogula gemu yakeyake, osanamizira mdzukulu, sumuiwala. Anatenga ya Dambo, chifukwa akuti chuleyo amafanana ndi munthu wina amene amamudziwa.

"Mukufunsiranji?"

"Ndikufuna inayo. Akakhala ndi ya Phiri, ine nditenge ya Dambo. Tsiku lina adzasowa kachilombo, ndiye adzabwera okha kwa ine." Bambo Zenon anapukusa mutu. "Anasiya kundilankhula, mwanawe. Pa Khirisimasi ndinawaseka pagulu kuti akusewera za ana. Chichokereni tsiku limenelo amandidutsa ngati mtengo wamagetsi. Maluwa ndinayesa. Anawapereka kutchalitchi."

Kinga anatsala pang'ono kuseka, koma maso ake anagwera pa dzanja lamanja la mkuluyo. Panali mphete yaukwati, yakale, yolowerera m'mnofu. M'khosi munali mpango wobiriwira, woluka pamanja, wosokedwanso bwinobwino pamene unang'ambika. Mpango wotere sugulidwa. Pali munthu anakhala pansi n'kuuluka, maso akuwawa, kuti madala ameneyu asagwidwe chifuwa pamene akuthamangira zipewa za eni.

"Nanga mayi kunyumba akudziwa kuti muli pano?"

"Ayi! Asadziwe. Akangodziwa, zonse zawonongeka."

Kinga ankawadziwa bwino amuna a mtundu umenewu. Bambo ake omwe anachoka pakhomo akununkhira mafuta atsopano, atavala juzi imene mayi ake anawalukira. Mtima unamuwawa chifukwa cha mayi amene sanawaonepo, amene mwina nthawi imeneyo anali kukhitchini akufunditsa msuzi. Ndipo chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti mkuluyu ankaoneka wabwinobwino. Makutu ake anali atafiira ngati a mwana wasukulu.

Kuba Kinga sankaba, ndipo chenje ankabweza chokwanira. Koma bodza limodzi lopulumutsa banja anaona kuti Mulungu angalimvetse.

"Anagula ya Phiri," anatero, osaphethira.

"Ya Phiri. Ndiye ndipatseni ya Dambo."

Anaikulunga mosangalala. Akuganiza za zimene zidzachitike, anachita kuluma mlomo. Mkuluyu adzakhala masiku ambiri akulimbana ndi timabatani, magalasi ali pamphuno, mpaka agwire chule wake. Kenako adzapita naye monyadira kwa mayi a chipewa aja, amene ali nawo kale achule odzaza dambo lonse. Sipadzakhala chosinthana, ndipo adzabwerera kwa woluka mpango ali wofewa.

Bambo Zenon analowetsa kaphukusiko mkati mwa jasi, kumtima kwenikweni.

"Mwandithandiza kwambiri, mwanawe. Simukudziwa inu. M'nyumba mukakhala zii, ngakhale tiyi sakoma."

"Muziwathokoza amene amakuphikirani tiyiyo," Kinga anayankha mouma.

"N'chimene ndikuyesera," anatero mkuluyo, natuluka molunjika pokwerera basi.

Kinga anayamba kukonza mashelefu akuimba chapansipansi. Bokosi la Phiri analibweza pamalo pake n'kulisisita. Sikawirikawiri munthu wogulitsa magemu kupeza mpata wokonza dziko.

Kabelu ka pakhomo kanalira. Analowa mayi aafupi, mofulumira, atanyamula kathumba ka madonasi a m'sitolo ya tsidya la msewu. Ali pafupi chonchi, Kinga anaona bwino chipewa chawo. Ulusi wake unali womwewo wa mpango uja, kalukidwe komweko.

"Ndimawaonera pawindo la tsidyalo," mayiwo anatero akumwetulira. "Madala atuluka apawa ndi amuna anga. Mwawapatsa ya Phiri, eti? Kukwiya kwanditopetsa ine, ndipo mbuzi yamotoyo ndikuifuna."

Kinga anatsomphola bokosi la Phiri n'kuthamangira kokwerera basi, jekete ataisiya pomwepo.