Nsomba ya Ennie ndi Botolo la Mlendo

Panali munthu wina ku Migowi, dzina lake Dyson, amene anali ndi tiyirumu pafupi ndi msika. Akuti zimenezi zinachitikadi.

Chaka cha 2003, mlongo wake, Ennie, anabwerako ku Blantyre akudwala. Kumeneko ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo abwana ake pochoka m'dziko muno anamusiyira nsomba yoweta yotchedwa beta, yofiira, yazipsepse zazitali. Inkakhala m'thanki yagalasi yotakata bwino, yokhala ndi chivindikiro ndi zomera. Ennie analibe mwana. Thupi likakana, ankangogona chammbali n'kumaiyang'ana ikusambira.

Matenda atakula, anamutengera kuchipatala. Asanakwere minibasi, Ennie anamugwira dzanja Dyson.

"Achimwene, musaichotse m'thankimo. Madzi muzisintha pang'onopang'ono, osati onse. Kukazizira muzifunditsa thankiyo bulangete."

"Pitani mukachire, achemwali. Zimenezo n'zazing'ono," anatero Dyson.

Tsiku lina kutiyirumu kunafika bambo wachilendo wovala jekete yachikopa, amene ankati wachokera ku Joni. Atamva za nsombayo anapempha kuti akaione. Ataiona anaseka.

"Akulu, chithanki chonsechi cha kansomba kamodzi? Ku Joni timatiika m'kapu basi. Ndili ndi botolo lokongola m'chikwamamu. Muikemo, muyimike pakauntala, muona mmene makasitomala adzadzire. Thankiyi ndikuchotsereni, ikungokutherani malo."

Mkazi wa Dyson, Aliness, anamukokera pambali. "Bambo, alamu anakana zimenezi. Dikirani abwere."

"Iwe unafikako ku Joni?" Dyson anamuyankha choncho.

Dyson anasamutsira nsomba m'botolo n'kukaliimika pakauntala. Mlendoyo ananyamula thanki, ndipo sanaonekenso.

Botololo linali lopapatiza, moti nsomba inkavutika kutembenuka. Poyamba anthu anadzazadi. Ankagogoda galasi ndi sipuni, ena kuponyamo nyenyeswa za sikono. Madzi anachita mbuu. Kenako chiperoni chinatsika kuchokera kuphiri. Nsomba inasiya kudya, inapinda zipsepse, kufiira kuja kunathimbirira. Dyson anachita mantha. Anakhuthula madzi onse n'kuthiramo ozizira a pamjigo. M'mawa anaipeza itagona pansi pa botolo, yafa.

Ennie anatuluka m'chipatala ali wofooka kwambiri. Atangolowa m'nyumba anayang'ana pathebulo pomwe pankakhala thanki.

"Mwaisunthira kuti?"

Dyson anaweramitsa mutu. Aliness ndiye anafotokoza zonse, ndipo anabweretsa botolo lija. Ennie analigwira, n'kulowetsa dzanja kukamwa kwa botololo. Zala zokha ndi zimene zinalowa.

"Munaiika muno?"

"Ndimati ndikope makasitomala, achemwali. Ndikugulirani ina."

"Muigula kuti, achimwene? Ine ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

Sanakalipe, sanalirenso. Anapempha kuti amuperekeze kwa azakhali awo ku Jenala. Dyson anapita ku Blantyre, nayendayenda m'masitolo kufunsa nsomba yotero. Pomwe ankabwerera chimanjamanja, anakumana ndi uthenga pasiteji kuti Ennie watisiya.

Phunziro: Choweta chilichonse, ngakhale kansomba, chimafuna malo okwanira, madzi aukhondo ndi kutentha koyenera. Si chokongoletsera pakauntala. Ndipo munthu akakusungitsa chinthu chimene amachikonda, mvera mawu a mwini wake, osati a munthu wongodutsa. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi kuti nawonso aphunzirepo.